Kodi Wosasamala Pantchito Ali ndi Mlandu wa Mwazi?

 Nkhani yathu mwezi uno ndi ya njinga zamoto ndi anthu amene amazikonza. Mwina wina wadabwa kale, nati, "Ine sipanala sindinaigwirepo, nanga nkhani imeneyi ikufuna chiyani m'magazini ya Chigwirizano?" Tadekhani, mayi. Funso limene lili pansi pa nkhaniyi ndi lathu tonse. Munthu akagwira ntchito yake mosasamala, mnzake n'kuvulala kapena kufa chifukwa cha ntchitoyo, kodi munthu uja ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu, chikhalirecho sanafune kupha aliyense?

Ana athu pa mawilo awiri

Mukapita ku msika wa Soweto m'mamawa, nthawi imene malole akutsitsa tomato, anyezi ndi kabichi, mudzaona kuti pakati pa mawilibala ndi maminibasi masiku ano pakudutsanso njinga zamoto. Wina wamangirira thumba la mbatata kumbuyo, ulendo wa ku Kabwata. Wina wabereka bokosi la chakudya kapena mankhwala, akukapereka kunyumba za ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Wina walowa mu Great East Road kuthamangira ku Chelstone, akupanikizana ndi mabasi. Inu amene kwanu ndi ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi mukudziwa kuti kumeneko njinga yamoto yasanduka basi ya kumudzi. Imanyamula wodwala kupita naye kuchipatala, imanyamula feteleza, imafikitsa mlaliki kunyumba ya mapemphero yakutali. Oyendetsa njingazi ndi ana athu, akamwini athu ndi amuna athu, ndipo wokhala kumbuyo nthawi zina ndinu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ngozi za pamsewu zimapha ambiri kuposa nthenda iliyonse. Tikamva za ngozi timafulumira kutchula liwiro, mowa, kusavala chisoti ndi maenje a m'misewu, ndipo zonsezi n'zoona. Koma pali munthu wina amene satchulidwa pamaliro, pakuti tsiku la ngozi sanali pamsewu. Iye anali m'galaja masiku awiri kapena atatu m'mbuyomo, sipanala ili m'manja.

Tinthu tating'ono tonyamula moyo

Munthu akagula njinga yatsopano kusitolo, amapatsidwa kabuku ka sevisi, nauzidwa kuti aziibweretsa komweko ikayenda makilomita akutiakuti, apo ayi lonjezo lomukonzera kwaulere ikawonongeka limatha. Motero amabwera, nalipira, nalandira chidindo m'kabuku, nakwera njinga yake mtima uli m'malo. M'kati mwa injini sanaonemo, ndipo ngakhale akadaonamo sakadazindikira kanthu.

Tsono njinga yamoto siyikhululuka ngati galimoto. Galimoto ili ndi mawilo anayi, zitseko ndi lamba, pamene wokwera njinga chomutchinga ndi jekete lake lokha. Wilo la njinga limagwidwa ndi chitsulo chimodzi chopyoza pakati, ndipo kumapeto kwa chitsulocho kuli nati imodzi. Pa njinga zambiri pamakhala kapini kotsekera natiyo kuti isamasuke ndi kugwedera kwa msewu. Makaniko akaiwala kapiniko, palibe amene aone pa tsikulo. Pansi pa injini pali bawuti yotulutsira oyilo wakale. Injini za njinga zazing'onozi zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha. Bawutiyo ikabwezeredwa ndi zala chabe, oyilo amadontha, ndipo kumbuyo kwa malo amenewo kuli tayala. Tayala lonyowa oyilo limaterera pakona, ndipo injini ikauma imagwira mwadzidzidzi n'kuimitsa wilo la kumbuyo njinga ili pa liwiro. Tcheni imayenera kusiyidwa ndi mpata wa masentimita awiri kapena atatu. Ikalobodoka imatha kuguluka n'kukola wilo, ikathina kwambiri imadya zitsulo ndipo imatha kuduka. Buleki ya kutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu poimitsa njinga. Pa njinga za mabuleki oyendera mafuta, akasintha zogwirira wilo amayenera kufinya buleki kangapo mpaka italimba. Akapanda kutero, woyendetsa adzafinya koyamba pamphambano, dzanja n'kungopita.

Palibe chimodzi mwa izi chofuna nzeru zakuya kapena ndalama zambiri. Chilichonse chimatenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Opanga njinga analemba m'mabuku awo mphamvu imene nati iliyonse iyenera kumangidwa nayo, ndipo pali sipanala yapadera yoyezera mphamvuyo.

Pa ntchito yathu ya utumiki tinakayenderapo mnyamata wina amene kale anali m'kalasi mwanga. Njinga anaitenga pangongole, akubweza sabata ndi sabata. Anaitenga ku sevisi Lachiwiri, Lachinayi anagwa nayo pakona, mwendo n'kuthyoka. Amene anainyamula anapeza tayala la kumbuyo lili lonyowa oyilo, bawuti ya pansi palibe. Mbale wake atapita kusitolo kumene anaikonza, anamuuza kuti, "Pepani, zimachitika. Mungothokoza kuti ali moyo." Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda. Ngongole ya njinga sinaime, lendi sinaime, ndipo mkazi wake anayamba kukaoda tomato ku Soweto khanda lili kumsana.

Nkhwangwa, ng'ombe ndi tsindwi

Makaniko amene anaiwala bawuti ija angakuuzeni ndi mtima wonse kuti sanafune kuvulaza munthu, ndipo akunena zoona. Mnyamatayo sankamudziwa, sankadana naye. Ambiri a ife tinazolowera kuganiza kuti tchimo limakhala pamene munthu wafuna choipa. Kodi Mawu a Mulungu amatero?

Tsegulani Deuteronomo 19. Kumeneko tikuuzidwa za amuna awiri amene anapita kunkhalango kukadula mitengo. Mmodzi akutema, nkhwangwa inaguluka mumpini n'kukantha mnzake, nafa. Chilamulo sichimutcha munthuyu wambanda, ndipo chimamuteteza kwa wolipsa mwazi pomutsegulira mudzi wopulumukirako. Komatu onani mu Numeri 35 kuti sabwerera kunyumba kwake madzulo amenewo ngati kuti palibe chachitika. Amasiya munda wake ndi mudzi wake, nakhala m'mudzi wopulumukirawo kufikira atamwalira mkulu wa ansembe. Mulungu anasiyanitsa wopha mwadala ndi wopha mwangozi, koma ngakhale pa wachiwiriyu sanalole kuti moyo wa munthu upite ngati wa nkhuku.

Tsegulaninso Eksodo 21. Ng'ombe ikagunda munthu nafa, koyamba, mwini wake alibe mlandu, pakuti sanadziwe. Koma ngati ng'ombeyo inali ndi chizolowezi chogunda, mwini wake anauzidwa, osaimanga, ndiye kuti mlandu wa imfayo uli pa iye. Mwini ng'ombe sanagwire mkondo, ndipo mwina nthawiyo anali kumunda. Chimene chamutsutsa ndi chakuti anadziwa, nakhala chete. M'mutu womwewo muli za munthu wokumba dzenje osalivundikira.

Kenaka pali Deuteronomo 22:8. Nyumba za Aisraeli zinali ndi matsindwi afulati, ndipo anthu ankakwerapo kukapuma ndi kuyanika zinthu. Womanga nyumba yatsopano analamulidwa kumanga kampanda kuzungulira tsindwilo, kuti munthu angagwe, mwazi wake n'kukhala pa nyumbayo. Lamuloli silidikira kuti wina agwe kaye. Limamupeza womanga tsiku limene akumanga, ndipo limamuuza kuganizira mlendo amene sanabwere, mwana amene mwina sanabadwe n'komwe.

Makaniko wophunzira ntchito yake amadziwa chimene nati yomasuka imachita pamsewu. Ng'ombe yake amaidziwa kuti imagunda. Motero akasiya kuyang'ana kachiwiri chifukwa chotopa, chofulumira kapena choti palibe akumuona, sangabisale m'mawu oti zangochitika. Miyambo 18:9 imaika waulesi pantchito m'banja limodzi ndi wowononga, ngati ana a mimba imodzi.

Mnansi amene simumuona

Ngakhale makhoti a dziko anafika pa mfundo yomweyi, ndipo anafikapo kudzera m'Baibulo. M'chaka cha 1928, mayi wina dzina lake May Donoghue anapita kumalo omwera zoziziritsa kukhosi m'tauni ya Paisley ku Scotland. Mnzake anamugulira chakumwa m'botolo losaonekera m'kati. Atamwako, mnzakeyo anathira chotsala, ndipo mayiyo anati munatuluka nkhono yowola, iye n'kudwala. Wopanga chakumwacho anati mayiyu alibe pomugwira, chifukwa sanagule kanthu kwa iye. Mlandu unafika kubwalo lalikulu la House of Lords, ndipo mu 1932 woweruza wina, Lord Atkin, anatenga funso la wachilamulo la pa Luka 10, lofuna kudziwa mnansi ndani. Yankho lake linali lakuti mnansi wako ndi aliyense amene ntchito ya manja ako ingamukhudze, amene unayenera kumuganizira pamene unkaigwira. Mfundo imeneyi imaphunzitsidwa kwa ophunzira malamulo kuno ku Zambia, ndipo makhoti athu amaigwiritsa ntchito.

Mu 1939 ku England mfundoyi inafika m'galaja. Pa mlandu wa Stennett ndi Hancock, mwini lole anapereka wilo kwa wokonza, ndipo wokonzayo analibwezera mosasamala. Lole ili pamsewu chitsulo cha wilolo chinaguluka n'kuvulaza mayi amene ankangodziyendera m'mbali mwa msewu. Khoti linapeza wokonza uja wolakwa, ngakhale kuti mayiyo sanamulipirepo ndalama ndipo sanaonanepo.

Amayi, fanizo la Msamariya timakonda kulimva ngati nkhani ya munthu amene tamupeza atagona pamsewu. Koma pali mnansi wina amene sanagone pamsewu, amene adzagonapo mawa kapena ayi malinga ndi mmene ife tagwirira ntchito lero. Makaniko akamanga nati, mnansi wake ndi mwini njinga, ndi mayi amene adzakwere kumbuyo, ndi mwana wasukulu amene adzadutse pa Burma Road nthawi imene buleki idzafunike.

Levitiko 19:14 imaletsa kuika chokhumudwitsa patsogolo pa wosaona, ndipo imamaliza ndi kuopa Mulungu. Mpingo wathu, umene unayambira ku Magwero mu 1899, wakhala ukuphunzitsa ana osaona kumeneko kuyambira kalekale, choncho lamuloli si lachilendo kwa ife. Wosaona akapunthwa sadziwa amene anaika mwala. N'chifukwa chake lamuloli latsamira pa kuopa Mulungu, pakuti palibe mboni ina. Pamaso pa makaniko, mwini njinga ali ngati wosaona. Kudinda kabuku ka sevisi oyilo osasintha, kapena kuika sipeya yachinyengo n'kulemba palisiti mtengo wa yeniyeni, ndiko kumuikira mwala panjira.

Awiri anasiya nati, mmodzi anachita mwayi

Tiyerekeze kuti amakaniko awiri tsiku limodzi aiwala kumanga nati ya wilo. Mwini njinga yoyamba wamva kugwedera akanali pa Lumumba Road, waima, wamanga natiyo, wapitiriza ulendo. Mwini njinga yachiwiri sanamve kanthu, ndipo lero kwawo kuli maliro. Ndani mwa awiriwa wachimwa koposa? Akatswiri awiri a nzeru zakuya, Bernard Williams ndi Thomas Nagel, analemba za vuto limeneli mu 1976. Iwo anaona kuti anthu timaweruza mnzathu molingana ndi zotsatira, chikhalirecho zotsatirazo nthawi zambiri zimadalira mwayi. Woyamba timamuseka, wachiwiri timamutcha wakupha, koma manja awo anachita zofanana.

Malamulo a dziko amayang'ana zotsatira. Mu 2003 Khoti Lalikulu la Supreme linaweruza mlandu wa a Michael Sata, amene pambuyo pake anakhala Pulezidenti kuyambira 2011 mpaka 2014. Iwo anapeza mphemvu yakufa m'botolo la chakumwa, koma palibe amene anamwa. Khoti linati kusasamala pakokha sikukwanira kuti munthu alipidwe, pafunika kuti pakhale kuvulala. Ku khoti zimayenera kutero, chifukwa khoti limalipiritsa chimene chawonongeka. Koma kumbukirani kampanda ka patsindwi kaja. Womanga amene sanaike kampanda waswa lamulo tsiku lomwelo, ngakhale patapita zaka 40 popanda wogwa. Pamaso pa Mulungu makaniko wochita mwayi uja ali ndi choti alape, ndipo kupulumuka kwa kasitomala wake ndi chifundo chomupatsa nthawi yosintha.

Mlandu ngwa yani m'galaja?

Tsono tisafulumire kuunjika zonse pa mnyamata wogwira sipanala. Pa 10 June 1990, ndege ya British Airways inanyamuka ku Birmingham kupita ku Málaga. Ili m'mwamba, galasi la kutsogolo linachoka, ndipo mphepo inakokera kunja woyendetsa wamkulu, Tim Lancaster, mpaka m'chiuno. Anzake anamugwira miyendo kufikira ndege itatera ku Southampton, ndipo palibe amene anafa. Ofufuza anapeza kuti mwa mabawuti 90 ogwira galasilo, 84 anali owonda pang'ono, kusiyana kwake kosafika milimita imodzi. Amene anawaika anali munthu wodziwa ntchito, koma ankagwira usiku, nthawi itamuchepera, ndipo anasankha mabawutiwo poyerekeza ndi maso osayang'ana m'buku. Palibe wina amene anabwera pambuyo pake kudzaona ntchitoyo. Ofufuzawo analoza iyeyo, nalozanso kayendetsedwe ka ntchito pamalopo.

M'magalaja athu zilinso chimodzimodzi. Mwini sitolo amene amalandira njinga zambiri kuposa zimene anyamata ake angakwanitse, amene amalipira makaniko powerenga njinga zimene watulutsa, amene amasiyira mabuleki mwana wongoyamba kumene popanda womuyang'anira, amene safuna kugula sipanala yoyezera chifukwa ndi yodula, ameneyo ndiye mwini ng'ombe. Ng'ombe yake akuidziwa. Dziko lathu lili ndi bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo mwini galaja wolemba munthu wosaphunzira chifukwa ndi wotchipa wasankha yekha.

Pali enanso. Pali mwini njinga amene waipereka kwa mnyamata kuti azimubweretsera ndalama tsiku ndi tsiku, koma akauzidwa kuti matayala atha amati tidzaona mwezi wamawa. Zengerezu analinda kwawukwawu. Pali kasitomala amene amaimirira pamutu pa makaniko, nati fulumira, ndiponso uike sipeya yotchipa. Ena mwa eni njingawa ndi amayi a Chigwirizano, amene anagula njinga ndi ndalama za chilimba kapena za banki ya m'mudzi kuti ithandize pakhomo. Mayi, ngati njingayo ndi yanu, tsindwi ndi lanu, ndipo kampanda akufunsani ndinu. Kugawana mlandu sikuuchepetsa. Aliyense amayankha pa gawo limene linali m'manja mwake.

"Nthawi yake inakwana"

Pano pali chovuta chenicheni kwa ife a mpingo wa Reformed. Timakhulupirira, monga Katekisma wa Heidelberg wa 1563 amatiphunzitsira pa Sabata la 10, kuti palibe chochitika mwamwayi, zonse zili m'dzanja la Atate. Nanga ngati masiku a munthu anawerengedwa kale, bawuti ili ndi ntchito yanji? Pamaliro mumamva anthu akuti nthawi yake inakwana, chakudza sichiyimba ng'oma, tsoka silinunkha. Mawuwa amatonthoza, ndipo muli choonadi.

Koma Katekisma yemweyo pa Sabata la 40, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi, amatiphunzitsa kuti tisadziike dala pangozi, ndiponso kuti titeteze mnansi wathu ku choipa monga mmene tingathere. Pa Sabata la 42 amaika miyeso yachinyengo ndi malonda achinyengo m'gulu la kuba. Olemba Katekisma sanaone kutsutsana pakati pa Masabata amenewa. Werengani Machitidwe 27. Mulungu analonjeza Paulo kuti palibe amene adzafe m'ngalawa ija. Komabe amalinyero atafuna kuthawa, Paulo anauza kenturiyo kuti akachoka amenewo, otsalawo sapulumuka. Mulungu amene anakonza chipulumutso anakonzanso kuti chidzere m'manja mwa anthu odziwa kuyendetsa ngalawa. Pa Mateyu 4 Ambuye wathu anakana kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, ngakhale woyesa anamutchulira Malemba. Ndipo abale ake a Yosefe sanakhale osalakwa chifukwa choti Mulungu anasandutsa zoipa zawo kukhala zabwino.

Motero mawu oti nthawi yake inakwana ndi oyenera m'kamwa mwa mayi wofedwa amene akutsamira pa Mulungu wake. M'kamwa mwa amene anasiya nati, mawu omwewo asanduka chobisalira, ndipo kugwiritsa ntchito dzina la Mulungu pophimba ulesi ndi kulitchula pachabe. Chimodzimodzi kuthamangira kunena kuti ndi Satana kapena kuti anamulodza achibale, njinga isanayang'anidwe n'komwe. Mabanja apasuka chifukwa choloza agogo osalakwa, pamene cholakwa chinali kapini kosabwezeredwa.

Kudandaula si kusakhululuka

Amayi ambiri amati, "Ndife Akhristu, tingomusiyira Mulungu." Kukhululuka ndi lamulo la Ambuye, ndipo palibe amene angalichotse. Koma mukakhululuka mumasiya kubwezera kwanu, simusiya mnansi wanu pangozi. Galaja imene yavulaza mwana wanu sabata ino, sabata yamawa ilandira njinga ya mwana wa mnzanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mlonda wa pa Ezekieli 33, amene anaona lupanga osaliza lipenga, anafunsidwa mwazi wa anthu ake.

Njira yake ilipo. Yambani ndi kupita kwa mwini sitolo, modekha, lisiti lili m'manja, ndipo mutenge mboni monga Mateyu 18 amalangizira. Akakana kumva, lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limalamula kuti wogwirira anthu ntchito aigwire mosamala ndi mwaluso, ndipo bungwe la CCPC limalandira madandaulo otere. Pali Small Claims Court, kumene munthu amadzilankhulira yekha popanda loya. Ngozi iliyonse imene munthu wavulala ikanenedwe kupolisi, ndipo bungwe la RTSA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la Road Traffic Act la 2002, ndilo limayang'anira ziphaso ndi chitetezo cha pamsewu. Njinga yochita ngozi isakonzedwe msangamsanga ena asanaione. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndipo ngati makaniko wolakwayo ndi mwana wathu mumpingo, tisamutaye. Mulungu amene anakonza midzi yopulumukirako anatipatsa Mkulu wa Ansembe amene imfa yake imamasula wolakwa. Koma njira yopita kumeneko ndi kuvomera, kupita kukaona wovulalayo, kubweza monga angathere, ndi kusintha kagwiridwe ka ntchito.

Nanga ife tichite chiyani?

Uzani ana anu ndi amuna anu kuti njinga ikachokera ku sevisi asangoikwera. Afinye mabuleki onse awiri asananyamuke, agwedeze mawilo, aone ngati kapini kalipo, akhudze tcheni, ayang'ane pansi pa injini ngati pali dontho, apinde chiwongolero mbali zonse injini ikulira n'kumvetsera ngati liwu likusintha lokha. Afunse kuti awaonetse sipeya yakale imene yachotsedwa, ndipo lisiti lilembedwe zimene zachitika. Ulendo woyamba ukhale waufupi ndi wapang'onopang'ono, wopanda munthu kumbuyo. Safunsa anadya phula. Makaniko woona sakwiya akafunsidwa, ndipo mukamupeza wotere mulipireni bwino, mumutchulenso kwa anzanu, pakuti kusamala kumamudyera nthawi imene anzake akupangira ndalama.

Inuyo mukakwera, valani chisoti n'kumanga lamba wake, ngakhale chikuphwanya duku. Mukatuma mnyamata kuti akubweretsereni katundu kuchokera ku Soweto, musamuimbire foni katatu ali pamsewu. Kuthamanga sikufika. Lamulungu lachitatu la mwezi wa November ndi tsiku limene dziko lonse limakumbukira ofa ndi ovulala pamsewu, monga bungwe la United Nations linavomerezera mu 2005. Chigwirizano cha pampingo panu chingapemphe abusa kuti tsikulo aitane oyendetsa njinga ndi amakaniko a m'dera lanu kudzapemphera nawo, ndipo chingayendere mabanja amene anataya wowadyetsa.

Pomaliza, aliyense wa ife ali ndi nati yake. Namwino ali ndi mlingo wa mankhwala umene palibe adzawerengenso pambuyo pake. Mphunzitsi ali ndi mulu wa makope umene angaikemo zizindikiro osawerenga. Wogulitsa zakudya pamsika amadziwa yekha madzi amene watsukira mbale ndi tsiku limene ndiwo zinaphikidwa, ndipo sitinaiwale kolera wa mu Lusaka wa 2017 mpaka 2018 ndi wa 2023 mpaka 2024. Wosunga ndalama za Chigwirizano ali ndi buku limene ambiri saliona. Pa Eksodo 31, Mulungu anadzaza Bezaleli ndi Mzimu wake kuti agwire ntchito ya zitsulo, miyala ndi mitengo, ndipo Akolose 3 amatikumbutsa kuti ntchito iliyonse ili ndi Mbuye amene timamugwirira. Ana amene adzakhale amakaniko mawa akuphunzira lero m'makhitchini mwathu ngati ntchito imamalizidwa pamene palibe woyang'ana.

Mukakumana sabata ino, werengani pamodzi Deuteronomo 22:8 ndi Eksodo 21:28-36, ndipo mayi aliyense adzifunse kuti pa ntchito yake ndani angagwe, ndipo kampanda kake n'kotani. Mupempherere anyamata a pa njinga zamoto, eni magalaja ndi amakaniko, odwala amene ali m'zipatala chifukwa cha ngozi, ndi amasiye amene ngozizi zatisiyira. Ambuye akusungeni potuluka ndi polowa, inu ndi a m'nyumba mwanu.